Kusema Munthu Mwachidule: Amalawi ndi Ziboliboli za Miyala za ku Tengenenge



Pabwalo la ndege la mumzinda wa Atlanta ku America, lomwe ndi limodzi mwa mabwalo odutsa anthu ambiri padziko lonse, pali mpita wautali momwe mwaimikidwa ziboliboli za miyala 20 zochokera ku Zimbabwe. Zakhala mmenemo kuyambira chaka cha 2001. Ziboliboli za mtundu womwewu zimapezekanso m'mapaki ndi m'minda ya maluwa ku Harare, ku Cape Town ndi m'mizinda yambiri ya ku Ulaya. Zambiri zimakhala za anthu, koma anthu ake achilendo maonekedwe: wina mutu wozungulira ngati dzungu, wina maso ake ndi timizere tiwiri basi, wina manja alowerera m'thupi osaoneka zala. Munthu wongoziona koyamba atha kunena kuti wosemayo analephera, kapena anasiyira ntchito panjira.

Phunziro lino likufuna kuonetsa kuti kasemedwe kameneka ndi kadala, ndipo kamafuna maso akuthwa. Tionanso kuti ena mwa anthu omwe anayambitsa lusoli ku Zimbabwe anali a kwathu kuno, olankhula Chichewa ndi Chiyao, omwe anapita kukagwira ntchito m'minda ya fodya. Pomaliza tikambirana momwe wophunzira wa Chisilamu angaiyandikirire nkhani ya ziboliboli, popeza chipembedzo chathu chili ndi mawu pa nkhaniyi.

Mitundu iwiri ya ziboliboli za pagulu

Chiboliboli cha pagulu ndi chomwe chaimikidwa poyera kuti aliyense wodutsa achione: pamphambano, m'paki, pakhomo la nyumba ya boma kapena pabwalo la ndege. Tingazigawe m'magulu awiri.

Gulu loyamba ndi la ziboliboli zofanizira munthu mmodzi wodziwika dzina. Chitsanzo cha pafupi ndi cha Dr. Hastings Kamuzu Banda ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe, chomwe chinatsegulidwa mu 2009. Ndi chamkuwa, ndipo chikuonetsa suti, ndodo ndi litchowa kuti aliyense adziwe kuti ameneyu ndi Kamuzu. China ndi cha John Chilembwe chomwe Mmalawi Samson Kambalu anapanga, n'kuimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Kambalu anatengera chithunzi cha 1914 chomwe Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale wachizungu John Chorley, onse awiri atavala zipewa, pa nthawi yomwe munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu.

Chiboliboli chotere chimasenza mbiri yonse ya mwini nkhope, zabwino ndi zoipa zomwe. N'chifukwa chake mu 2018 bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre linaimitsa ntchito yoimika chiboliboli cha Mahatma Gandhi pa Ginnery Corner, gulu la achinyamata litadandaula ndi zomwe Gandhi analemba zokhudza anthu akuda pa nthawi yomwe ankakhala ku South Africa. Mkanganowo unali wa munthuyo. Luso la wosema silinalowemo n'komwe.

Gulu lachiwiri ndi la ziboliboli zomwe sizifanizira munthu wina aliyense wodziwika. Wosema amachotsa zizindikiro zonse zomwe zingatiuze kuti uyu ndi uje mwana wa uje, n'kusiya zokhazo zoti tidziwe kuti uyu ndi mayi wobereka mwana, uyu ndi nkhalamba yoganiza, awa ndi abale okumbatirana pamaliro. Kumeneku ndiye tikukutcha kusema mwachidule.

Chifupikitso cha m'mwala

Pamayeso a Chichewa mumalemba chifupikitso. Amakupatsani ndime yaitali kuti muifupikitse popanda kutaya mfundo zake. Mukudziwa nonse kuti wolemba chifupikitso chabwino ndi amene waimvetsa nkhaniyo, chifukwa amene sanaimvetse amataya mutu n'kusunga nthenga. Wosema mwachidule amachita chimodzimodzi ndi thupi la munthu. Amadzifunsa kuti: pa zonse zomwe ndikuona pa mayiyu, ndi ziti zomwe ndikazichotsa sakhalanso mayi wotopa? Zimenezo amazisunga. Zotsalazo, monga zikhadabo, makwinya a chitenje ndi nsidze, amazisiya.

Ife a kunyanja tili ndi mwayi womvetsa zimenezi msanga. Imani pamchenga ku Senga Bay kapena ku Chipoka m'bandakucha, dzuwa likungotuluka kumene kutsidya. Anthu onse omwe ali pakati pa inu ndi kuwalako amaoneka ngati zithunzithunzi zakuda, opanda nkhope. Komabe simusokoneza. Mumadziwa kuti uyo wawerama ndi msodzi akukoka khoka, uyo waima chilili khosi lili njo ndi mayi wasenza beseni la usipa, kauyo kakudumphadumpha ndi kamwana. Kaimidwe kokha kakuuzani msinkhu, ntchito, ngakhale kutopa kwa munthu. Zikwangwani za pamsewu wa M5 zochenjeza kuti pano pamawoloka ana a sukulu zimagwiranso ntchito motero: kamutu kozungulira ndi timiyendo, woyendetsa galimoto wamva kale.

Makolo a dziko lino ankaidziwa njirayi kalekale. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, omwe bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zoyera za kumeneko, zomwe Achewa ankajambula pa miyambo ya chinamwali ndi ya nyau, ndi zamizere yochepa: thunthu, mutu ndi miyendo yotambasuka. Izo ndi zopaka utoto, sizosema, koma nzeru yake ndi yomweyi.

Ulendo wa ku Halale

Kuti timvetse momwe Amalawi anapezekera m'mbiri ya ziboliboli za ku Zimbabwe, tiyenera kubwerera ku nthawi ya atsamunda. Boma la Nyasaland linkafuna msonkho wa ndalama, koma ntchito zolipira bwino kunalibe kuno. Amuna ambirimbiri ananyamuka, ena wapansi kudzera ku Dedza ndi ku Tete n'kuwoloka Zambezi, ena kudzera m'mabungwe olemba anthu ntchito monga Mthandizi wopititsa anthu ku Southern Rhodesia ndi Wenela wopititsa anthu ku migodi ya ku Joni. Ulendowu unakula kwambiri m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963. Ena anabwerako ndi njinga, wailesi ndi makina osokera. Ena sanabwerenso, ndipo kwathu kuno timawatcha machona.

Anthuwa anapita ndi zakwawo. Achewa anapita ndi Gule Wamkulu, yemwe mpaka lero amavinidwa m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe. Ayao anapita ndi Chisilamu, ndipo Asilamu ambiri a ku Zimbabwe lero ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi. Ambiri mwa iwo anali ndi manja ozolowera ntchito zaluso: kusema mipini, mitondo, ngalawa ndi zigoba za gule, kuluka malichero ndi kumanga nyumba.

Tengenenge, 1966

Famu ya Tengenenge ili m'boma la Guruve, pafupifupi makilomita 150 kumpoto kwa Harare. Mwini wake anali Tom Blomefield, wobadwira ku Johannesburg mu 1926, yemwe ankalima fodya ndi kukumba miyala ya chrome. Antchito ake ambiri anali ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola.

Pa 11 November 1965, boma la azungu la Ian Smith linalengeza kuti Rhodesia yadziimira payokha popanda chilolezo cha Britain. Mayiko anayankha poletsa malonda ndi Rhodesia, ndipo fodya anasowa msika. Mafamu ambiri anayamba kuchotsa antchito. Kwa munthu wochokera ku Nyasaland, kuchotsedwa ntchito kunkatanthauza kutayanso nyumba ndi chakudya, kwawo kuli kutali.

Mu 1966 wosema wina dzina lake Crispen Chakanyuka anamuonetsa Blomefield kuti m'phiri la pafamupo munali mwala wabwino kusema wotchedwa serpentine. Famuyo ili pa Great Dyke, mtandadza wa mapiri a miyala ya mtengo wapatali womwe wadutsa pakati pa Zimbabwe kwa makilomita pafupifupi 550. Chakanyuka anaonetsa kagwiridwe ka zida, ndipo antchito a pafamu anayamba kuyesa. Mmodzi mwa oyambirira anali Lemon Moses wochokera ku Malawi. Posakhalitsa mbiri inamveka m'mafamu oyandikana nawo, anthu n'kumabwera kudzapempha mwala ndi zida. Panalibe kalasi kapena silabasi. Watsopano ankaphunzira poyang'ana mnzake, ndipo aliyense ankalimbikitsidwa kupeza njira yakeyake m'malo motengera ya wina.

Nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe itakula m'zaka za m'ma 1970, osema ambiri anachoka ndipo ntchito inatsala pang'ono kufa. Inadzukanso dziko litalandira ufulu mu 1980. Mu 2007 Blomefield anasiyira utsogoleri wosema wina wotchuka, Dominic Benhura. Lero Tengenenge ndi mudzi wa osema, ndipo ziboliboli zikwizikwi zaimikidwa panja pansi pa mitengo, wosema aliyense ndi kachigawo kake.

Osema anayi, njira zinayi

Fanizani Akuda anali Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932. Anapita ku Southern Rhodesia mu 1949 ndipo anagwirapo ntchito yothyola thonje, youmba ndi kumanga njerwa, ndi yoluka madengu asanafike ku Tengenenge. Anthu ake ndi ozungulira, omwetulira, ndipo kawirikawiri amakhala awiri kapena banja lonse atakumbatirana m'mwala umodzi. Maso amawasema ngati kotupa kokhala ndi kamzere kopingasa pakati. Anatchuka ndi mitu ya anthu oimba likhweru: pakamwa ankangoboola kabowo kamodzi, ndipo ukagogoda pakabowopo ndi chala chachikulu pamatuluka kaphokoso. Anamwalira mu 2011.

Josia Manzi anabadwira ku Zimbabwe mu 1933 kwa makolo a Chiyao ochokera ku Malawi, ndipo anayamba kusema ku Tengenenge mu 1967. Iye amatalikitsa: makosi aatali, mitu yosongoka, matupi osalala omwe nthawi zina sudziwa pomwe pathera munthu ndi pomwe payambira nyama kapena mbalame, monga zimachitikira m'nthano za agogo. Mkazi wake, Janet Manzi, nayenso anakhala wosema wodziwika.

Henry Munyaradzi, Mshona wa ku Guruve komweko, anabadwa mu 1931 n'kumwalira mu 1998. Iye ndiye anafupikitsa nkhope kuposa onse. Mphuno ndi nsidze amazilumikiza kukhala ngati chilembo cha T, maso n'timabwalo tiwiri, pakamwa n'kamzere. Mwala amausiya pafupifupi momwe anaupezera, ndipo nkhopeyo imangooneka ngati yatulukira yokha.

Dominic Benhura, wobadwa mu 1968, ndi wa m'badwo wotsatira. Amadziwika ndi ziboliboli za ana akusewera ndi amayi akunyamula ana m'mwamba. Zambiri zilibe nkhope n'komwe. Chimwemwe chonse chili m'miyendo yotayidwa m'mwamba ndi m'manja otambasuka.

Taonani kuti onse anayi akusema munthu mwachidule, koma aliyense wasunga chosiyana: Akuda wasunga kukumbatirana, Manzi kutalika ndi kusandulika, Munyaradzi bata la nkhope, Benhura kuyenda kwa thupi. Pamenepa m'pomwe tikuonera kuti nkhani si kulephera. Anthu olephera amalephera mofanana, koma awa aliyense wasankha.

Mwala nawo uli ndi mawu

Chifukwa china cha kasemedwe aka chili m'mwala mwenimwenimo. Dongo ukalakwitsa umaphatikanso lina. Mwala ukasweka wasweka. Chala chopyapyala, khutu loonda kapena mkono wotambasukira kutali ndi thupi sizichedwa kuthyoka posema, ponyamula kapena chiboliboli chikaima panja zaka zambiri. Choncho wosema wanzeru amasunga manja pafupi ndi thupi, miyendo n'kuiphatikiza, kuti chinthucho chikhale cholimba ngati mtondo.

Akatswiri a miyala amayeza kulimba kwa mwala ndi sikelo ya Mohs, yoyambira pa 1 kufika pa 10. Pa 1 pali talc, yemwe amapezeka kwambiri m'mwala wofewa wa soapstone, ndipo pa 10 pali dayamondi. Chikhadabo chanu chili pafupifupi pa 2.5, ndipo mpeni wachitsulo uli pafupifupi pa 5.5. Serpentine ali pakati: wofewa moti chitsulo chimamudya, wolimba moti amapirira mvula ndi dzuwa. Mtundu wake wolimba kwambiri, wakuda bii, umatchedwa springstone, ndipo ndi womwe osema ziboliboli za panja amaukonda.

Ntchito imayenda motere. Wosema amayamba wauyang'ana mwalawo mbali zonse, nthawi zina kwa masiku, kuti aone chomwe maonekedwe ake akulola. Ambiri sajambula papepala. Kenako amagumula zigawo zikuluzikulu ndi hamala ndi chitsulo chosongoka, n'kubwera ndi tchizulo kukonza maonekedwe. Akatero amapala ndi tupa, n'kukwecha ndi sandipepa wonyowetsa m'madzi, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala. Pomaliza amautenthetsa mwalawo pamoto n'kuupaka phula kapena polishi woyera wa pansi. Phulalo limalowa m'mwala wotenthawo, ndipo ukazizira amaupukuta ndi nsalu mpaka mtundu wake weniweni uonekere, wakuda, wobiriwira kapena wofiirira. Mbali zina amazisiya dala zosakwecha kuti zikhale tsitsi kapena bulangete. Motero mwala umodzi umapereka khungu losalala ndi chovala chokhakhala popanda utoto uliwonse.

Kunja kwa Africa nakonso osema anayenda njira yofananayo. Constantin Brancusi wa ku Romania anasema anthu awiri okumbatirana omwe anangotsala ngati njerwa imodzi yogawidwa pakati ndi mzere. Henry Moore wa ku England anasema munthu wogona chammbali, wautali pafupifupi mamita 5, yemwe anaikidwa pa likulu la UNESCO ku Paris mu 1958. Pamalo poimira mayiko onse, munthu wopanda nkhope ya fuko lililonse ndiye anayenera. Iyi ndiyo mphamvu ya chiboliboli chachidule pagulu: wodutsa aliyense atha kuonamo mayi ake kapena mwana wake.

Mafunso anayi powerenga chiboliboli

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukakumana ndi chithunzi cha chosema chotere m'buku kapena pamayeso, musathamangire kunena kuti n'chokongola kapena n'chonyansa. Dzifunseni izi.

Choyamba, wosema wachotsa chiyani? Tchulani ziwalo ndi zizindikiro zomwe palibe.

Chachiwiri, wasunga chiyani, ndipo wakulitsa chiyani? Ngati manja ndi aakulu kuposa mutu, mwina nkhani yake ndi ntchito kapena chitetezo. Ngati mutu waweramira pachifuwa, mwina ndi chisoni kapena kulingalira.

Chachitatu, mwalawo wathandiza bwanji? Onani pomwe pasalala ndi pomwe pakhakhala, ndiponso ngati maonekedwe a mwala wachilengedwe akadalipo.

Chachinayi, chaimikidwa kuti, ndipo anachiika ndani? Chosema chomwe chili pachipatala chimalankhula zosiyana ndi chomwe chili pakhomo la banki, ngakhale zitafanana.

Dzina lomwe linaphimba ena

Munthu yemwe anathandiza kwambiri kutchukitsa ziboliboli za ku Zimbabwe kunja anali Frank McEwen, mkulu woyamba wa nyumba yosungira zaluso ya ku Salisbury, yomwe inatsegulidwa mu 1957. Mu 1971 anakonza chionetsero chachikulu ku Musée Rodin mumzinda wa Paris, ndipo lusoli linatchuka ndi dzina loti ziboliboli za Ashona. Dzinali linathandiza malonda, chifukwa ogula ankalilumikiza ndi mbalame 8 za mwala zomwe zinapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe, zomwe chithunzi chake chili pambendera ya dzikolo.

Ashona ambiri analidi akatswiri pa lusoli, monga Joram Mariga, Bernard Matemera, Sylvester Mubayi ndi Munyaradzi yemwe tamutchula uja. Koma dzinalo linaphimba Achewa, Ayao ndi anthu a ku Angola omwe anali pakati penipeni pa ntchitoyi ku Tengenenge. Mlendo wogula mutu wosemedwa ndi Fanizani Akuda amapita kwawo akuganiza kuti wanyamula mwambo wa Chishona, chonsecho wosemayo anali Mchewa. N'chifukwa chake olemba ambiri masiku ano amakonda kunena kuti ziboliboli za miyala za ku Zimbabwe.

Apa pali phunziro la mbiri. Chifupikitso n'chabwino pamwala, koma pa mbiri ya anthu chimatha kufufuta mayina. Machona aja kwathu kuno tinawaiwala chifukwa sanabwerere, ndipo komwe anapitako ntchito yawo inalembedwa m'dzina la ena. Kuno ku Salima ndi mabanja ochepa omwe alibe m'bale yemwe anatsalira ku Halale kapena ku Joni. Kufunsa mayina awo ndi ntchito zomwe ankagwira, agogo omwe akuwakumbukira akadali moyo, ndi ntchito yomwe wophunzira wa Fomu 3 angaigwire ndi kope ndi cholembera basi.

Msilamu ndi ziboliboli

Ena mwa inu mwafunsa kale mumtima kuti: kodi si zoletsedwa zimenezi? Funsoli ndi loyenera, ndipo tiliyankhe mosazungulira.

Maziko a Chisilamu ndi tawhid, kupembedza Allah yekha. M'Surah Nuh mwatchulidwa mayina asanu a mafano a anthu a Mtumiki Nuh, ndipo Ibn Abbas, Allah asangalale naye, anafotokoza kuti amenewa anali mayina a anthu olungama. Atamwalira, anthu anaimika zowakumbukira m'malo omwe ankakhala, ndipo mibadwo itadutsa, zifukwa zitaiwalika, zinayamba kupembedzedwa. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, atalowa mu Makkah mu 630 anachotsa mafano onse pa Ka'bah. Mahadith a m'mabuku a Bukhari ndi Muslim akuchenjeza mwamphamvu za kupanga zifaniziro za zamoyo. Pa chifukwa chimenechi maulama a mazhab onse anayi amaletsa kusema chiboliboli chathunthu cha munthu kapena nyama, ngakhale ambiri amalola zidole za ana.

Nanga chosema chachidule, chopanda nkhope? Maulama ambiri amati chifaniziro chikachotsedwa mutu chigamulo chake chimasintha. Pa chomwe mutu ulipo koma nkhope palibe, amasiyana maganizo. Tsamba lino silipereka fatwa. Safunsa anadya phula: amene akufuna kulowa m'ntchito zaluso akhale pansi ndi shehe wake, afotokoze bwino chomwe akufuna kupanga, amve.

Kuphunzira za chinthu ndi kuchipanga kapena kuchilemekeza ndi nkhani zosiyana. Timaphunzira za mapiramidi a ku Egypt ndi za Gule Wamkulu m'kalasi kuti tidziwe dziko lomwe tikukhalamo ndi anthu omwe tikukhala nawo. Ziboliboli za ku Tengenenge sizinasemedwe kuti zipembedzedwe. Anazisema anthu omwe fodya atagwa anafuna njira yodyetsera ana awo, n'kupezamo luso lomwe sankadziwa kuti ali nalo. Tikhoza kulemekeza thukuta lawo uku tikusunga malire a chipembedzo chathu, popanda kunyoza anzathu a ku Senga Bay kapena a ku Mua omwe amadya za kusema.

Ndiponso Asilamu sanausiye mwala. Nzeru yofupikitsa ija anaipititsa patsogolo mpaka munthu anachokamo, n'kutsala mzere, bwalo, tsamba ndi chilembo. Pamzikiti wa Kizimkazi ku Zanzibar pali malemba a Chiarabu osemedwa pamwala wa m'nyanja ya mchere, okhala ndi chaka cha 500 pa kalendala ya Hijra, chomwe ndi 1107. Gombe limenelo ndi lomwe kunachokera amalonda a Chiswahili omwe anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. Ku Taj Mahal ku India, makoma a mwala woyera adzaza ndi maluwa osema ndi ma ayah olembedwa ndi mwala wakuda wolowetsedwa m'mwala unzake. Diso lomwe limafunika kumeneko ndi lomwelija la Munyaradzi: kudziwa choti usiye ndi choti usunge. Wophunzira yemwe manja ake amayabwa akaona mwala kapena thabwa ali ndi msewu wotakata woti adutsemo: zitseko, mimbari, zikwangwani, zipilala za pageti ndi makoma a mizikiti yathu, yomwe yambiri ikadali yopanda chokongoletsa chilichonse.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani kusiyana kwa magulu awiri a ziboliboli za pagulu, ndipo perekani chitsanzo chimodzi pa gulu lililonse.
2. Kodi zomwe zinachitika pa 11 November 1965 zinathandiza bwanji kuti ntchito yosema iyambe ku Tengenenge?
3. Tchulani zifukwa ziwiri zomwe osema miyala amasungira manja ndi miyendo pafupi ndi thupi.
4. Sankhani osema awiri mwa anayi aja ndipo yerekezani zomwe aliyense amasunga pa thupi la munthu.
5. N'chifukwa chiyani dzina loti ziboliboli za Ashona silikwanira?
6. Fotokozani m'mawu anuanu zomwe nkhani ya anthu a Mtumiki Nuh ikutiphunzitsa za zikumbutso za anthu otchuka.

Ntchito ya m'magulu

Gulu loyamba litole miyala isanu yosiyana, ina ya kugombe ina ya kuphiri. Yesani kukanda uliwonse ndi chikhadabo, kenako ndi msomali, ndipo muindandalike kuyambira wofewa mpaka wolimba.

Gulu lachiwiri lipite kugombe Loweruka m'mawa. Sankhani anthu atatu omwe akugwira ntchito chapatali, ndipo mufotokoze aliyense m'mawu osapitirira 15, osatchula nkhope, dzina kapena mtundu wa zovala. Anzanu m'kalasi anene ntchito yomwe munthuyo amagwira.

Gulu lachitatu litenge kampasi ndi rula. Jambulani bwalo, muikemo masikweya awiri opingasana kuti patuluke nyenyezi ya nsonga 8, ndipo muibwereze mpaka idzaze pepala lonse popanda mpata wokhota.

Gulu lachinayi licheze ndi agogo awiri omwe ali ndi abale omwe anapita ku Zimbabwe kapena ku South Africa. Mupemphe chilolezo musanalembe. Funsani chaka chomwe ananyamuka, njira yomwe anadzera, ntchito yomwe ankagwira ndi ngati anabwerako.

Zomwe magulu apeze tidzazisindikiza m'kope lotsatira, insha Allah. Perekani ntchito zanu kwa aphunzitsi a kalabu ya zolemba sabata yachisanu ndi chimodzi ya teremu isanathe.